Munthu Wachitatu Amene Anagona M'nyumba Mwanga

1

Ndikuuzeni poyambirira kuti ine ndinapezekapo wolakwa pa bwalo la milandu. Sindinabe, sindinamenye munthu, sindinatukwane aliyense. Mlandu wanga unali wokhala chete boma litandifunsa funso.

Dzina langa ndine Tumpale. Ndimakhala m'mudzi wina kumtunda kwa Tukuyu, ndipo ndimagulitsa chambiko pamsika. Mwamuna wanga, Gwakisa, amayendetsa lole yonyamula nthochi kupita ku Dar es Salaam. Tili ndi mwana mmodzi wamkazi, Subilaga, amene pa nthawiyo anali asanayambe kulankhula zomveka. Zimenezi zinandithandiza poyamba, kenako zinandipweteka.

Chaka cha kalembera, wailesi inkalengeza m'mawa ndi madzulo kuti munthu aliyense adzawerengedwa m'nyumba imene wagona usiku wa kalemberawo. Osati kumene amakhala, osati kumene amadya, koma kumene wagona. Wokana kuyankha, kapena wonama, adzalipira chindapusa kapena kukakhala kundende miyezi isanu ndi umodzi. Ife pamsika tinkangoseka. Ndani angalephere kutchula anthu ogona m'nyumba mwake?

Sabata imeneyo Gwakisa anali pa ulendo. Ine ndinali ku Kyela kwa amayi anga, amene ankavutika ndi mwendo, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti ndikawerengedwa komweko. Koma masana a tsikulo amayi anandithamangitsa.

"Pita ukawerengedwe kunyumba kwako," anatero. "Ukagona kuno boma lilemba kuti ukwati wako unatha. Ine ng'ombe za malowolo za eni ake zija ndinagulitsa kale, ndilibe chobweza."

Ndinabereka mwana n'kukwera basi. Ndinafika kwathu mvula ikukhuthuka, malata akulira moti munthu sukanamva ngakhale ng'ombe ikulira pakhonde. Chitseko chinali chokhoma monga ndinachisiyira. Ndinalowa, ndinakhomanso, ndinagona.

2

Zimene zinachitika kutangocha ndikuuzani nthawi yake ikafika. Pano ndiyambire pamene dzuwa linali litakwera.

"Odi kuno! Boma lafika, tulukani muli ovala!"

Anali a Mwakibinga, mkulu woyang'anira nyumba khumi za dera lathu, amene timawatcha balozi. Ntchito yawo tsikulo inali yongoperekeza mlembi wa kalembera ndi kumusonyeza makomo. Mlembiyo anali Zuhura, mphunzitsi wa kupulayimale wochokera ku Tanga, mtsikana waulemu koma wosaseka pa ntchito. M'manja anali ndi kamakina kolembera kooneka ngati foni yaikulu.

Lamulo linkati mayankho ndi achinsinsi. Choncho a Mwakibinga anakakhala patali, pa mtunda woti khutu lawo lifike bwinobwino.

"Mayi, usiku wapitawu mutu wa banja lino anali ndani?" anafunsa Zuhura.

"Ine. Amuna anga ali pa msewu."

"M'nyumba muno munagona anthu angati?"

"Atatu."

Ndinalimva liwulo likutuluka ngati walankhula ndi munthu wina. Ine ndinaleredwa ndi mayi amene ankakwapula wabodza kuposa wakuba, ndipo lilime langa linayankha mutu usanadzuke.

Zuhura anadina pa makina ake. Ndinatchula dzina langa ndi zaka zanga. Ndinatchula Subilaga.

"Wachitatuyo ndi wamkazi kapena wamwamuna?"

"Wamwamuna."

A Mwakibinga, amene ankayang'ana nthochi zanga ngati akufuna kugula munda wonse, anasiya kutafuna mzimbe.

"Dzina lake?"

Ndinayang'ana pansi.

"Chabwino, tiyambe ndi chibale. Ndi ndani wanu?"

"Ingolembani kuti tinagona awiri," ndinatero.

"Mwanena kale kuti atatu. Mukati awiri tsopano, ndiye kuti yankho limodzi ndi labodza, ndipo bodza lili ndi chilango chake. Ine sindikufuna kudziwa chimene munthuyo anabwerera, mayi. Funso limenelo mulibe m'makinamu."

"Akanaliikamo," anatero a Mwakibinga ali patali paja.

"Ndikungofuna dzina, zaka ndi chibale," anapitiriza Zuhura. "Mukapanda kuyankha, makinawa sapita kutsogolo. Kudakali mafunso a denga, a chimbudzi ndi a ziweto."

"Denga ndi la malata. Chimbudzi chilipo. Ng'ombe ndi ziwiri."

"Nanga dzina?"

"Sindingathe."

3

Mmene linkalowa dzuwa, nkhaniyo inali itafika kale kuchigayo, kutchalitchi ndi kumalo okwerera njinga zamoto. Tsiku lotsatira ndinagulitsa chambiko chonse msika usanatenthe. Amayi amene sanamwepo chambiko changa chibadwire anabwera ndi mabotolo.

"Wawala masiku ano, mnzanga," anatero wina. "Ndi mafuta anji?"

Anthu anasankha okha amuna oti andiganizire nawo. Ena ankati ndi wotiphunzitsa kwaya. Ena ankati ndi munthu wogula masamba a tiyi, chifukwa tsiku lina anandipatsa moni kawiri. Mkazi wa wophunzitsa kwayayo anabwera kudzaima kutsogolo kwa benchi langa, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anagula chambiko kuti asaoneke ngati wabwerera zina.

Zuhura anabweranso ali yekha. Anakhala pa mpando wanga wa kukhitchini n'kutsitsa mawu.

"Mayi, ine sindine wa kuno, sindidziwa aliyense. Ndinong'onezeni. Kapena tengani makinawa mulembe nokha, ine ndiyang'ane kumbali."

"Sindingathe, mphunzitsi."

"Mukudziwa kuti ndiyenera kukanena kwa ondiyang'anira?"

"Kaneneni. Imeneyo ndi ntchito yanu."

Anakanena. Womuyang'anirayo anabwera ndi chipewa cholembedwa mawu olimbikitsa anthu kuwerengedwa, anandiwerengera lamulo, ine ndinamuthira tiyi. Patapita masiku kunabwera apolisi. Wapolisi wamkulu anali munthu wotopa, ndipo anandilankhula ngati mlongo wake.

"Chemwali, ife kuno timagwira akuba ng'ombe. Inu mukufuna kudya nyemba za boma miyezi isanu ndi umodzi chifukwa cha mwamuna amene sanabwere n'komwe kudzakuonani?"

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa anali oona. Koma ndinakhalabe chete, ndipo ndinagona m'chitokosi, mwana ali kwa anansi.

Amene anadzanditulutsa pa belo anali a Mwakibinga. Ndinawathokoza kwambiri. Anandiperekeza njira yonse wapansi, akukana njinga iliyonse imene inkaima.

"Ine ndine munthu wosunga chinsinsi, make Subi," ankatero. "Ungonena chilembo choyamba chokha."

4

Gwakisa anafika lole isanatsukidwe n'komwe.

"Make Subi, ine nkhani imeneyi ndaimva ndili pa Iringa. Kwa munthu wogulitsa mazira. Pa Iringa!"

"Mwayenda bwanji, bambo ake a Subi?"

"Usandifunse za mayendedwe. Munthuyo anagona pati?"

"M'chipinda chosungira mpunga."

"Iwe?"

"Kuchipinda kwathu."

"Ndiye anabwera kudzalondera mpunga?"

"Ndikulumbira pamaso pa Mulungu, palibe chimene chinachitika."

"Ngati palibe, tchula dzina."

"Sindingathe."

Ananyamula Subilaga n'kumufunsa mofatsa kuti anabwera ndani kunyumba. Mwanayo analoza nkhuku.

M'mawa mwake Gwakisa anapita kuseri kwa khola kukadulira ng'ombe makungwa a nthochi, ndipo anafukula chimene ndinabisa pansi pa masamba ouma: jombo ziwiri zobiriwira za mphira, zamatope. Inde, ndinazibisa ndine. Anaziika patebulo pamene timadyera.

"Anathawa wopanda nsapato," anatero. "Munthu wolondera mpunga."

Tsiku lonse anayenda pamsika jombozo zili m'manja, akuyang'ana mapazi a amuna. Vuto linali lakuti kwathu mwamuna aliyense ali ndi jombo zobiriwira za mphira, ndipo zonse zimagulidwa pa sitolo imodzi. Madzulo anatopa n'kupita nazo kwa bambo ake kukadandaula.

Ine kumeneko sindikanamutsatira. Kwathu mkazi wokwatiwa saonana ndi bambo a mwamuna wake. Sadya nawo, salowa m'nyumba imene iwo alimo, ndipo akamva kuti akubwera m'njira, amapatukira m'nthochi n'kufunda chitenje kumutu. Mabanja ambiri masiku ano anazisiya. Koma apongozi anga aamuna, amene ine ndimangowatcha a kumtunda chifukwa nyumba zawo zili kumtunda kwa yathu, anali kapitawo wa m'minda ya tiyi, ndipo mwambo ankausunga ngati mmene ankasungira nthawi ya ntchito. Ndi iwo amene ankadzudzula mabanja ena akalekerera. Chikwatiwire changa ndinali nditangomva chifuwa chawo chokha, pamene ankatsokomola pondichenjeza kuti ndipatuke.

Gwakisa anabwerako chimanjamanja, nkhope itasokonezeka.

"Bambo akuti jombo zija azisunga iwo ngati umboni," anatero. "Akuti ndisafulumire. Akuti mwina munthuyo anali ndi zifukwa zake." Anakanda m'mutu. "Sindinawamvepo bambo akulankhula mofatsa chotere. Ukalamba wayamba."

Kenako anandiyang'ana. "Mlandu ukatha, ngakhale akumange ngakhale akumasule, udzapita kwanu ku Kyela. Mwana adzatsala."

Sanakuwe. Akanakuwa zikanakhala bwino.

5

A kumtunda ali ndi akazi awiri, ndipo nyumba zawo zinayang'anizana. Amayi aakulu ndiwo anabereka Gwakisa. Amayi aang'ono anabwera pambuyo, ndipo kuyambira tsiku limenelo awiriwo amalankhulana kudzera mwa nkhuku: wina akafuna kunena mnzake, amatukwana nkhuku yake.

Kutatsala pang'ono kuti mlandu uzengedwe, amayi aakulu anabwera kwathu atanyamula nthochi zophika ndi nyemba. Anadikira kuti ndidye kaye.

"Mwana wanga, ine sindinabwere kudzakuweruza," anatero. "Amuna a malole tikuwadziwa. Koma chigololo chili ndi mtengo wake. Mwamunayo alipira ng'ombe, Gwakisa akwiya chaka chimodzi, kenako mubereka wina. Ndende ilibe ng'ombe. Ukatuluka udzapeza Subi akutcha mkazi wina kuti amayi. Tchula basi."

"Sindingathe, amayi."

"Ndi m'busa?"

"Ayi."

"Ndi wa boma?"

"Ayi."

Anapuma mozama. "Kalembera ameneyu watipasula tonse. Ine ndemwe ndili ndi changa. Sabata yonse ndinawauza bambo ako kuti usiku umenewo agone kwanga, boma lidziwe kuti nyumba yeniyeni ndi iti. Ine anandilowola ndi ng'ombe zambiri, ndinabereka woyamba. Uja nayenso akuti agone kwake chifukwa inali sabata yake. Ndinaphika nkhuku. Nkhuku yathunthu! Munthu osabwera. Anakagona kwa kamtsikana kaja, ndipo boma lalemba kuti ine ndine mutu wa banja ngati mkazi wamasiye."

"Pepani, amayi," ndinatero.

"Usandipepese ine. Dzimvere chisoni wekha."

Atapita ndinalongedza zovala za Subilaga, zazikulu pang'ono pamwamba, kuti amene adzamusamale asavutike. Ndinkadikira munthu mmodzi kuti alankhule. Tsiku lililonse ndinkayang'ana njira. Munthuyo sanabwere.

6

Bwalo la milandu linadzaza ngati tsiku la ukwati. A Mwakibinga anafika oyamba n'kukhala kutsogolo. Gwakisa anakhala kumbuyo, manja atapinda. Amayi aakulu ndi amayi aang'ono anakakamizika kukhala pa benchi limodzi chifukwa malo anatha, ndipo pakati pawo anaikapo ambulera. A kumtunda anabwera kudzalimbikitsa mwana wawo, koma popeza ine ndinali mkati, anakhala panja, pansi pa zenera. Ndinadziwa chifukwa ndinamva chifuwa.

Woweruza anali mayi wachikulire wa magalasi, wochokera kutali. Anandifunsa ngati ndikuvomera kuti ndinakana kuyankha funso la mlembi wa kalembera. Ndinavomera.

"Ndiye mlanduwu ndi waufupi," anatero. "Koma ndikufuna ndimve kwa mlembi kaye."

Zuhura anaimirira n'kufotokoza zonse mwadongosolo, osawonjezera, osachotsa.

"Kodi mayiwa ndi okhawo amene anakuvutitsani?" anafunsa woweruza.

"Dera langa lonse ndamaliza, kupatula malo awiri. Kwa mayiwa ndili ndi munthu amene anagona koma alibe dzina. Kwina ndili ndi bambo wachikulire amene dzina lake ndili nalo koma alibe pamene anagona. Mkazi wawo wamkulu anandiuza kuti anagona kwa wamng'ono. Wamng'ono anandiuza kuti anagona kwa wamkulu. Eni akewo ndikapita amakhala atangochoka kumene."

Sanatchule dzina la aliyense, monga mwa lamulo. Koma pa benchi paja ambulera inagwa.

"Sanagone kwa iwe?" anafunsa amayi aakulu. Aka kanali koyamba kulankhula ndi mkazi mnzawo popanda nkhuku.

"Kwa ine? Ine ndinaphika mpunga wa mafuta n'kudya ndekha! Ndimati ali kwa inu!"

Woweruza anamenya patebulo. Anthu atakhala chete anatembenukira kwa ine.

"Mayi Tumpale, ndikufunsani komaliza. Mukapanda kuyankha, lamulo likundilola kukutumizani kundende. Kodi simukufuna kutchula dzinalo?"

"Sindingathe kulitchula."

"Simukufuna, kapena simungathe?"

"Sindingathe."

Pamenepo amayi aakulu anaimirira pang'onopang'ono. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana ameneyu wakhala akunena mawu amodzimodziwo kuyambira tsiku loyamba," anatero, "ife osamva. Pa dziko lonse lapansi pali dzina limodzi lokha limene mkazi wa mwana wanga sangathe kutchula."

Anayenda mpaka pazenera n'kusuzumira pansi.

"Bambo ake a Gwakisa! Jombo mwavalazo ndi za umboni, kapena ndi zanu?"

Panja panamveka chifuwa. Kenako mawu aang'ono, amene sindinaganizepo kuti angatuluke mwa kapitawo.

"Ndi zanga."

7

Mwina mwaona kale kuti m'nkhani yonseyi sindinalembe dzina la apongozi anga. Mkazi wa kwathu satchula dzina la bambo a mwamuna wake, kaya mokweza, kaya monong'ona, kaya polemba. Tsopano ndikuuzeni za m'mawa uja.

Kutacha ndinatenga lichero kuti ndikatape mpunga. Nditatsegula chipinda chosungira mpunga, ndinapeza munthu atagona pa matumba, atafunda jekete, pakamwa pali yasa. Ndinaona nkhope imene sindinkaidziwa, koma inali nkhope ya Gwakisa itakalamba. Munthuyo anatsegula maso n'kutsokomola, ndipo chifuwacho ndinachizindikira.

Ndinadziphimba kumutu ndi lichero, chifukwa ndi limene linali m'manja. Iwo anatulukira pazenera. Zenera limenelo ndi laling'ono, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti anakwanamo bwanji. Jombo zinatsala.

Anthu amandifunsa kuti bwanji sindinangouza Gwakisa kuti ndi bambo ake. Yankho lake amayi aakulu analinena okha osadziwa: chigololo chili ndi mtengo wake. Koma mkazi amene wagona denga limodzi ndi apongozi ake aamuna, mwamuna wake kulibe, nkhani yake ilibe ng'ombe yoitsuka. Ndani akanakhulupirira za mvula ndi malata? Ndinaona kuti ndi bwino mudzi undinenere bodza laling'ono kusiyana ndi kuti undinenere lalikulu, lopasula bambo ndi mwana wake. Komanso si malo a mwana kuvula munthu wamkulu pagulu. Ndinkati alankhula okha.

Woweruza analamula kuti munthu wa pazenerayo alowe.

"Sindingalowe," anayankha a kumtunda. "Muli mpongozi wanga."

"Bambo, munagona naye nyumba imodzi usiku wonse."

"Pamenepo sindinkadziwa. Pano ndikudziwa."

Woweruza anavula magalasi n'kutikita m'maso. Pomaliza anagamula kuti ine nditembenukire kukhoma ndi kufunda chitenje. Choncho umboni wa apongozi anga ndinaumva ndikuyang'ana kalendala ya boma kudzera m'nsalu.

"Ine ndili ndi nyumba ziwiri," anayamba. "Wailesi inati munthu awerengedwa kumene wagona. Uyu akuti ndigone kwake. Uyo akuti ndigone kwake. Ndikagona kwa mmodzi, winayo andikumbutsa mpaka kalembera wina, zaka khumi. Ndinaganiza kuti ndikagone pamalo opanda mbali. Mwana wanga anandisiyira kiyi wa chitseko cha kuseri kuti ndiziona ng'ombe. Mudzi wonse unkati mkazi wake ali ku Kyela."

"Nanga bwanji simunanene pamene mayiwa anamangidwa?"

A kumtunda anatsokomola.

"Ndinkati ndinena mawa," anatero.

"Kiyi ndinawapatsa ndine," ndinamva Gwakisa akunena kumbuyo, osauza aliyense. "Ndi jombo zomwe ndinakawapatsa ndine."

8

Ndinkaganiza kuti choonadi chikatuluka mlandu utha. Sunathe.

"Ndamva za mwambo wanu, ndipo sindikuunyoza," anatero woweruza. "Koma lamuloli silidziwa apongozi. Boma likafunsa kuti anagona ndani, likufuna lidziwe kuti chipatala chimangidwe cha anthu angati. Mayi Tumpale, munakana kuyankha, ndinu wolakwa. Bambo, munathawa mlembi, nanunso mlandu ukukudikirani. Kundende sindikutumizani, mayi, koma chindapusa mulipira."

Zuhura sanadikire kuti anthu atuluke. Anayatsa makina ake pomwepo, ine ndikadali chofunda. A kumtunda anatchula okha dzina lawo ndi zaka zawo, ine nditatseka makutu.

"Chibale chawo ndi mutu wa banja?" anafunsa Zuhura.

"Mutu wa banja ndine," anatero a kumtunda.

"Ayi, bambo. M'nyumba imene munagonayo, usiku umenewo, mutu wa banja anali mayi Tumpale. Inu ndikulembani kuti apongozi, mlendo wogona."

Anadina. Makina anapita kutsogolo, n'kufunsa za denga.

Chindapusa changa ndi chawo analipira a kumtunda, atagulitsa ng'ombe yawo yamkaka. Ina anatumiza ku Kyela kwa amayi anga yopepesera, ndipo amayi anati mwendo wayamba kupeza bwino. Akuluakulu a m'mudzi anasiya kuwaitana pa nkhani za mwambo. Amayi aakulu ndi amayi aang'ono tsopano amaphikira pamodzi, ndipo amadya kaye iwo asanaitane mwamuna wawo.

Ine sizinandithere msanga. Kwa miyezi ingapo panali anthu amene ankanong'ona zoipa zimene ndinkaziopa zija, ndipo kukwaya anandipempha kuti ndipumule kaye. Chimene chinatseka pakamwa pa ambiri ndi zenera. A Mwakibinga anabwera ndi anthu kudzaliyeza, ndipo onse anagwirizana kuti munthu wotulukira pamenepo sanali pa chikondi, anali pa mantha.

Tsiku la mlandulo, pobwerera kunyumba, Gwakisa anayenda kumbuyo kwanga njira yonse atanyamula Subilaga. Titafika anamasula thumba la zovala za mwana lija n'kuzibwezera m'malo mwake chimodzichimodzi.

"Ukanandiuza, make Subi," anatero.

"Mukanatani?"

Anaganiza. "Sindikudziwa. Mwina ndikanakwera lole osabwereranso."

"Ndiye chifukwa chake."

Anatuluka, ndipo ndinamumva akuzula loko wa chitseko cha kuseri.

9

Okondedwa owerenga, ena mwa inu munena kuti ndinali wopusa, ndipo sindikutsutsani kwenikweni. Ndinatsala pang'ono kutaya mwana, ukwati ndi miyezi isanu ndi umodzi ya moyo wanga poteteza ulemu wa munthu amene ankati anena mawa. Ndaphunzira kuti boma likabwera pakhomo ndi funso, silichoka chifukwa choti mwayang'ana pansi. Limapita, n'kubweranso ndi chipewa, kenako ndi galimoto. Ndaphunziranso kuti munthu ukakhala chete, anthu sakhala nawe chete. Amakuyankhira okha, ndipo mayankho awo ndi oipa kuposa ako.

Kwa amayi anzanga ndikuti: ngati pali chinthu chimene pakamwa panu sipangathe kunena, pezani munthu mmodzi woti muloze ndi chala. Ine ndikanapita kwa amayi aakulu tsiku loyamba, n'kuwaonetsa jombo osanena kanthu, bwenzi nkhaniyi itathera kukhitchini. Kwa abambo a nyumba ziwiri ndikuti: kalembera akadzabweranso, sankhani. Palibe malo opanda mbali. Kulikonse kumene mungagone ndi nyumba ya munthu.

A kumtunda ndi ine tinabwerera ku mwambo wathu. Akatsokomola m'njira, ine ndimapatukira m'nthochi n'kufunda chitenje. Kusiyana kwake n'kwakuti masiku ano amayamba kutsokomola ali kutali kwambiri, ndipo nthawi zina amapatuka ndi iwo, moti njira imatsala yopanda munthu.

Dzina lawo musandifunse. Linandigoneka m'chitokosi osalitchula, ndiye sindingalitchule lero chifukwa cha magazini. Lili ku boma, pansi pa dzina langa.